Tsiku Limene Ndinawerenga Chimangirizo cha Idesi

Ana inu, sunthirani kuno kumthunzi. Magetsi apita, mafoni anu azima, ndiye lero mwakumbuka kuti pakhomo pano pali agogo. Sindikudandaula ayi. Nkhalamba imalandira ngakhale mlendo wongobisala mvula. Dalitso, tsika pampandapo, ungagwetse mabuloko a eni ake. Tamara, iwe khala apa pafupi, chifukwa nkhaniyi waiputa ndiwe.

Dzulo unabwera ndi kope lako nkunena kuti, "Ba shikulu, nithandizeniko kompozishoni. Ba ticha bakamba ati tilembe pali komboni yathu." Ine ndinati pita kwa amako. Unandiyang'ana ngati ndakumana nyama, nkutuluka ukung'ung'udza kuti, "Nanga si munali ba ticha imwe? Zaka zonse zija munali kuphunzisa chani?" Unkayesa sindinamve. Makutu angawa amangosankha, mwana wanga, sanafe. Funso lakolo ndagona nalo, ndadzuka nalo, ndipo lero ndikuyankha.

Koma poyamba izi za ba shikulu. Atate anga akanamva mdzukulu wa Mchewa akuitana choncho, akanasuzumira panja kuti aone Mbemba amene wasochera. Zilekeni, tonse ndife a Lusaka tsopano. Ngakhale chimene mukuti kompozishoni, ife tinkati chimangirizo. Nena, Dalitso. Chimangirizo. Taonani lilime likupindika ngati wameza therere lotentha.

Atate anga, amene ndi agogo a amayi anu, anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, atanyamula bulangete limodzi ndi kathumba ka chimanga chokazinga. Anathyola fodya m'mafamu a ku Chipata, anakumba mumgodi ku Kabwe mpaka chifuwa chinayamba kulira, kenako anatsikira kuno nkumaumba njerwa. Pamene ankamanga kanyumba kathu muno mu Chawama, malo ano anali maenje a miyala ndi udzu wofika m'chiuno. Kulemba sankadziwa. Ndiye Lamulungu lililonse loyamba la mwezi, tikachoka kutchalitchi, ankandikhazika pampando kuti ndilembere amayi awo kalata kumudzi. Cholembera chake si izi zanu zotafuna kumapetozi. Chinali chokhala ndi kamlomo kachitsulo, choviika m'botolo la inki, ndipo ukachikanikiza chinkalavula papepala ngati nalimata.

Tsiku lina ndinalemba msangamsanga, chifukwa anzanga anali kundidikira ndi mpira wa masanza. Ndinalemba kuti, "Tonse kuno tili bwino, kaya inu kumeneko." Atate anati ndiwawerengere. Nditawerenga anandilanda pepalalo nkuliyang'ana chozondotsa, ngati akudziwa zimene akuona.

"Amayi anga sanaonepo Lusaka," anatero. "Pa 'tili bwino' apa aonapo chiyani? Uwauze kuti denga lathu ndi la migolo yophwanya, mvula ikamagwa timalankhulana ndi manja. Uwauze kuti mdzukulu wawo wamng'ono waguluka mano awiri akutsogolo, akafuna sopo amati thopo."

Ndinalembanso ndikulira ndi mkwiyo, mpira utatha. Patapita miyezi yankho linafika, lolembedwa ndi mphunzitsi wa kumudziko m'malo mwa agogo. Munali mawu akuti, "Mwana wa thopoyo ndamuona. Ndaseka mpaka anansi abwera." Atate anandiuza kuti ndiwerenge mzere umenewo katatu. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti munthu akhoza kutenga chinthu chimene maso ake aona, nkuchiika m'mutu mwa munthu wina amene ali kutsidya kwa malire. Ndinkati ntchito yoposa imeneyi padziko palibe. Ndi chifukwa chake ndinakaphunzira zauphunzitsi.

Ananditumiza pasukulu ina komwe kuno, yoyenda wapansi kuchokera pano. Ndinkaphunzitsa Chinyanja ndi Chingerezi kwa a Giredi 8 ndi 9. Ana ankadzaza mpaka pakhomo, anayi padesiki limodzi, ena atakhalira njerwa. Chaka choyamba nditawapatsa chimangirizo, ndinatsala pang'ono kusiya ntchito. Mwana aliyense wa mu Chawama anali ndi bwenzi lapamtima lalitali, loyera khungu, lokonda mpunga ndi nkhuku. Aliyense patchuthi anapita ku Livingstone kukaona mathithi. Ana oti sanawolokepo Kafue Road! Zimenezi ankangoloweza m'makope akale a akulu awo, nkumapatsirana ngati juzi ya m'banja.

Ndinawaletsa. Ndinalemba pabolodi mawu atatu, "zabwino", "zokongola" ndi "kwambiri", nkuwauza kuti mawu amenewa ndawatsekera m'ndende mpaka chaka chithe. Ndinkabwera ndi mango limodzi, nkuliyendetsa m'kalasi kuti aliyense alinunkhize, kenako alembe fungo lake osatchula mango. Linkabwerera litalumidwa, koma ndinkalolera. Nthawi zina ndinkati atseke maso, andiuze zimene akumva. Poyamba ankati, "Kulibe, ba Ticha." Pakapita kanthawi wina ankamva chigayo, wina nyundo za amayi oswa miyala kuseri kwa mpanda, wina makondakitala akuitanira anthu a mu tauni. Ndinkawauza kuti, "Musandiuze kuti pamsika panali anthu ambiri. Ndionetseni munthu mmodzi akukuponda chala." Aphunzitsi anzanga ankanditcha wamisala. Sindinkasamala. Ndinali ndi mphamvu masiku amenewo, ndiponso tsitsi. Usaseke, Dalitso, nawenso mutu wako ndi wa kwathu, udzaona.

Chaka china, nthawi ya mvula, ndinatulutsa kalasi yonse kupita pangalande ya kuseri kwa sukulu. Inali itadzaza. Ndinafunsa kuti madziwa ndi amtundu wanji.

"Ni yadothi, ba Ticha!" onse pamodzi.

"Yang'ananinso."

Mnyamata wina anati ali ngati tiyi wa pamaliro, wamkaka wochepa. Tinaseka, ndinamuyamikira. Kenako kumbuyo kunamveka kamawu kochepa. "Pamwamba pali mafuta ya motoka. Yaoneka monga khosi ya nkhunda ikatembenuka padzuwa."

Ndinayang'ana m'ngalandemo. Zinali choncho ndithu, kubiriwira ndi kufiirira kukusinthana. Ine ndinali nditadutsa pangalande imeneyo zaka zambiri osaona khosi la nkhunda.

Amene ananena anali Idesi. Anali kamtsikana kakang'ono thupi, ka zaka khumi ndi zinayi, kokhala kumbuyo pafupi ndi zenera losweka, juzi yake yobooka m'zigongono. Sikankakweza dzanja. Atate ake anali atamwalira chaka cham'mbuyo. Amayi ake tonse tinkawadziwa, chifukwa ndi amene ankagulitsa vitumbuwa pageti la sukulu, atakhala pakampando, ndowa yophimba ndi nsalu yoyera ili patsogolo. Vitumbuwa zija, ana inu! Zofewa m'kati, zokhutchuka kunja, zosamwa mafuta. Osati izi mumagula masiku ano, zoti ukafinya ukhoza kukazingira kapenta. Belu la buleki likalira, ana ankathamangira kwa amake Idesi, ndipo ife aphunzitsi tinkatumiza mbale yathu isanathe ndowa. Ndowa imeneyo ndi imene inkadyetsa Idesi ndi alongo ake awiri aang'ono.

Kuchokera tsiku la pangalande ndinamuika diso. Chilichonse chimene ndinkaphunzitsa, iye ankachitenga nkuchipitirira. Analemba za tambala wa anansi awo, ine nkumuzindikira tambalayo nditakumana naye panjira. Ndinkamubwereka mabuku anga, iye nkuwabweza atawakuta ndi pepala la shuga. Ndinkafika kunyumba nkuuza malemu agogo anu aakazi, amake Rute, kuti, "Ndapeza mlembi. Zaka zonsezi ndakhala ndikufesa pathanthwe, koma uyu yekha akwanira."

Tsopano mumvetse nthawi imene ndikunenayi. Zinali zaka zija matenda aja ankakolola anthu, mankhwala ake asanafike m'makiliniki. Inu lero mumaona munthu akumwa mapiritsi ake, nkunenepa, nkumanga nyumba, nkukwatitsa ana. Nthawi ija Loweruka lililonse tinkakwera lole kupita kumanda. Dzina la matendawo silinkatchulidwa. Ena ankati kaliwondewonde, ambiri ankangoti "kaja" nkutsitsa mawu. Anthu ankaopa kapu, ankaopa sopo, ankaopa mpando umene wodwala wakhalapo. Tinkaphunzitsa m'kalasi kuti sizifala choncho, koma ife omwe ophunzitsafe tinkasamba m'manja mobisa.

M'mwezi wa Juni, kukuzizira koti choko chinkagwa m'zala, ndinawapatsa mutu wakuti "M'mawa kunyumba kwathu". Ndikukumbuka mawu amene ndinanena, chifukwa akhala akundibwerera moyo wanga wonse. Ndinati, "Lembani zimene maso aona, zimene makutu amva, zimene mphuno yanunkhiza. Musabise, musakometse. Papepala palibe amene adzakumenyeni."

Loweruka masana ndinakhala pansi pa mtengo wa mango umene unali apo pamene amalume anu anamanga shopu, mulu wa makope uli pambali. Nditafika pa la Idesi ndinaika cholembera chofiira pansi. Ndikhoza kukuuzani ngakhale lero, chifukwa ndinaliwerenga mpaka linakhala m'mutu:

"Amayi amadzuka tambala wa anansi asanalire. Amakanda ufa wa vitumbuwa atakhala pansi, chifukwa masiku ano akaimirira nthawi yaitali amagwira khoma. Kale chitenje chawo chinkazungulira kamodzi ndi theka. Tsopano chimazungulira kawiri, nkutsalako chomangira. Mphete yaukwati anaikulunga ulusi wakuda kuti isavuke nkugwera m'mafuta. Akafuna kutsokomola amatembenukira kukhoma, ndipo ine ndimayamba kutsuka mbale mwaphokoso kuti aziyesa sindikumva. Pansi pa bulauzi ali ndi zilonda zondandalika kuchokera pamsana kufika pamimba, ngati nyerere zikusamuka. Atate anali nazo zotere chaka chatha. Mafuta akatentha, nyumba yonse imanunkhira bwino, ndipo alongo anga amadzuka akumwetulira, chifukwa iwo amangodziwa fungo."

Ndinalira, ana inu, mwamuna wamkulu pansi pa mango. Ndinaitana amake Rute, amene anali kuchapa, kuti amve. Anapukuta manja pachitenje, namvetsera mpaka kumapeto. Sanamwetulire.

"Bambo a Rute, mukufuna kutani nalo?"

"Lolemba ndiliwerenga m'kalasi. Ana amve mmene munthu amalembera."

"Ili si la kalasi," anatero. "Mumubwezere mwanayo mwakachetechete. Mukafuna kuchitapo kanthu, tiyeni tikawaone amayi akewo."

"Sanatchule matenda alionse. Ndipo dzina lake sindinena."

"Ine ndamva kamodzi kokha, ndadziwa munthu wake ndi matenda ake omwe. Ana a mu Chawama ndi opusa kuposa ine?"

Ndinawayankha kuti za kulemba sazidziwa. Inde, ndinatero, kwa mkazi amene ankandidziwa kuposa mmene ndinkadzidziwira. Anatola beseni lawo nkubwerera kochapa. Chimene ndinkafuna ine, ndikuuzeni zoona poti ndakalamba, sichinali chothandiza ana. Ndinkafuna kuti amve zimene kaphunzitsidwe kanga kabala. Ndinkafuna kuti nkhani ifike kwa aphunzitsi aja onditcha wamisala.

Lolemba m'mawa ndinaima kutsogolo nkunena kuti mmodzi wa inu walemba chimangirizo chimene sindinaonepo chiyambire ntchito. Idesi sindinamufunse, sindinamuyang'ane nkomwe. Ndinawerenga pang'onopang'ono, ndi mawu anga onse a kutchalitchi. Nditangotchula vitumbuwa, mitu inatembenukira kumbuyo. Ndinaona, koma ndinapitiriza, chifukwa chiganizo chotsatira ndinkachikonda. Nditamaliza m'kalasi munali zii. Ine ndinayesa kuti mawu awagwira mtima.

Kenako mnyamata wina ananong'ona, koma kunong'ona kwa ana mumakudziwa. "Ni bamake Idesi. Bali na kaja."

Ena anaseka mobisa. Mtsikana amene ankakhala naye desiki limodzi anasuntha mpaka theka la thupi linali m'malere. Wina anatulutsa chitumbuwa chimene anabisa m'desiki, nkuchiponya pazenera, nkupukuta zala pasiketi. Ndinakalipa, ndinamenya patebulo, ndinayamba kufotokoza kuti matenda safala m'chakudya. Pofotokoza choncho ndinangotsimikizira zonse. Idesi sanalire. Anangondiyang'ana, manja ali padesiki, mmene ankayang'anira chinthu chimene akufuna kuchilemba. Belu litalira anabwera kutsogolo, natenga kope lake patebulo, natuluka.

Pabuleki ndinasuzumira pazenera la ofesi ya aphunzitsi. Ana ankatuluka pageti nkumapatukira mbali ina ngati pali njoka. Amake Idesi anali kuitana monga mwa masiku onse, akuvundukula nsalu, akuyang'ana uku ndi uku osamvetsa. Pofika Lachitatu nkhani inali itafika kumsika ndi kumipope yonse. Mbale ya aphunzitsi inasiya kupita kugeti. Anzanga anayamba kutumiza mabanzi a kugolosale, ndipo palibe amene anafotokoza chifukwa. Ine ndinkapita ndekha kukagula, nkumadya nditaima pomwepo kuti ana aone. Ankaona, nkumanong'onezana kuti ba Ticha nawonso afuna kufa. Mimba imodzi singamalize ndowa.

Lachisanu, ana atapita, ndinali kufufuta bolodi pamene ndinamva "Odi." Amake Idesi anali ataima pakhomo la kalasi, duku lili pamutu, ndowa ili pansi, yodzaza.

"Lowani, amayi, khalani apa."

"Iyayi, ba Ticha, nizaimilila pamene pano. Ningakusiyileni matenda pampando."

Sananene mokalipa. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

"Nabwela chabe kufunsako," anatero. "Mwana wanga analakwa chani?"

"Sanalakwe, amayi. Analemba bwino kuposa onse."

"Manje ngati analemba bwino, mwamulanga chifukwa chani?"

Ndinangogwira chofufutira, fumbi la choko likugwera pansapato.

"Tsiku lija munabapasa nchito yolemba anabwela kunyumba okondwela," anapitiriza. "Ati ba Ticha bakamba kuti papepala palibe wamene azatimenya. Ine sin'naphunzile. Nenze kuganiza ati kope ya mwana ili monga kwa dokota, chamene walemba aona ni ticha yeka."

Ndinati ndilankhula ndi ahedi, tiitana makolo, ndiwafotokozera.

"Muzabauza chani? Ati ni boza? Mwana wanga sanama, ba Ticha. Si ndimwe munamuphunzisa?"

Anawerama kuti anyamule ndowa, koma inawakanika. Ndinathamanga kuti ndiwathandize, iwo nkukweza dzanja kundiletsa. Anapuma kaye, nayesanso, naitwika okha. Ndinawayang'ana akudutsa pabwalo, akuima pamtengo uliwonse.

Sabata yotsatira pageti panalibe munthu. Ndinamva kuti mwini nyumba imene ankachita lendi anawaletsa kutunga pampope wa pabwalo, naika loko pachimbudzi. Mwezi usanathe anthu anawaona akukankha wilibala ya katundu kulowera ku Kanyama, kwa mchemwali wa mayiyo. Malo a Idesi padesiki anakhala opanda munthu masiku angapo, chifukwa ngakhale ana okhalira njerwa ankakana kukhalapo.

Mukuganiza kuti ndinathamangira ku Kanyama? Ayi. Ndinati ndipita sukulu ikatseka. Itatseka ndinati ndidikire mphepo ya Ogasiti ithe. Amake Rute anakonza kathumba ka ufa ndi nyemba kuti tikapereke, ndipo kanakhala kuseri kwa chitseko mpaka anankafumbwe analowamo. Ndinkaopa maso a mwana uja. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mayi wina wa kutchalitchi anatiuza podutsa kuti amake Idesi anaikidwa sabata yatha. Agogo anu sananene kuti "ndinakuuzani". Sananenepo mpaka tsiku limene anatisiya. Anangotenga kathumba kaja nkukakhuthulira nkhuku.

Ndinapita mvula itayamba, pamene kupitako kunalibenso ntchito. Inu Kanyama ya mvula mumaionera pafoni. Ine ndinavula nsapato, ndinapinda buluku mpaka m'maondo, nkumayenda m'madzi osaona pansi, ndikufunsa khomo ndi khomo. Tsiku lachitatu ndinapeza nyumba ya mchemwali uja, madzi ali m'kati, katundu ali pamwamba pa mabuloko. Anandiuza kuti anyamata awiri aja anatumizidwa kumudzi, ndipo Idesi anatengedwa ndi mayi wina kukagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi. Kumayadi kuti, sankadziwa. Nditanena dzina langa anati, "Oho, ndimwe." Anatseka chitseko pang'onopang'ono, madzi akukana.

Chimene ndinachita pambuyo pake ndi chimene chimandipweteka kuposa zonse, chifukwa choyamba chija chinali cha tsiku limodzi, koma ichi chinali cha zaka. Chaka chatsopano chitayamba, sindinatulutsenso ana kupita pangalande. Ndinatenga choko nkulemba pabolodi, ndi dzanja langali, za bwenzi lapamtima lalitali, loyera khungu, lokonda mpunga ndi nkhuku. Ndinati koperani, lowezani. Anakopera, analoweza, anakhoza mayeso. Ahedi ananditamanda pamaso pa makolo kuti tsopano ndakhwima, ndipo anandikweza udindo. Kamodzikamodzi mwana ankalemba chinthu chamoyo. Wina analemba za atate ake akubwera kuchokera kumowa, mmene makiyi ankalirira asanapeze bowo. Ndinadziwa kuti uyu ali ndi maso. Ndinatenga cholembera chofiira nkulemba kuti, "Tsatira chitsanzo cha pabolodi." Sanabwerezenso. Anali angati otere, sindidziwa. Ndinkadziuza kuti ndikuwateteza. Mwina ndinkadziteteza ndekha. Ndinapuma pantchito ndi wotchi ya pakhoma ndi satifiketi imene mumaiona m'chipindamo.

Lero ndimakuonani mukujambula munthu wagwa pamsewu, nkutumiza kwa anthu onse asanadzuke. Ndimafuna kukudzudzulani, koma pakamwa pamalemera. Ine ndinalibe foni, koma ndinachita zomwezo ndi mawu okha.

Idesi ndinakumana naye zaka zitatu zapitazo, agogo anu atamwalira kale. Ndinapita kumaliro a mnzanga ku Mandevu, ndipo pobwerera ndinadutsa mumsika kuti ndikakwere basi. Ndinamva mawu akuti, "Ba Ticha Mwale." Anali mayi wonenepa bwino, imvi zitayamba m'mbali mwa duku, atakhala kuseri kwa tebulo la tomato, impwa ndi anyezi. Nkhope sindinaizindikire. Ndinazindikira kayang'anidwe.

"Idesi?"

"Ndine. Mwakalamba, ba Ticha. Phewa ya kumanja yagwa, monga mukali kunyamula makope."

Anandipatsa kabokosi kuti ndikhalepo. Anandiuza kuti ali ndi ana atatu, mwamuna wake ndi wowotcherera zitsulo, mmodzi mwa alongo ake anamwalira kumudzi, winayo ali ku Kitwe. Anafotokoza zonsezi akupukuta tomato ndi kansalu. Sukulu sanabwererenso. Ine ndinazungulirazungulira, kenako ndinafunsa chimene ndinkafuna kufunsa zaka zonsezi, kuti kodi amalembabe.

Anaseka pang'ono. "Kulemba chani? Olo pafoni nimatuma chabe mau."

Kenako anati, "Muziba, tsiku lija munabelenga, ba mami banamvela ku bana pageti. Titafika kunyumba banakamba ati, leta kope, nibelengele vamene ba Ticha babelengela banthu. Ninakana, banalimbikila. Ninabelenga. Nitasiliza banakamba ati, bwelela paja pa mbale. Ninabwelela. Banangoniyang'ana, ati, oho, kanshi unali kumvela. Ati, ine nenze kuganiza ati chifuwa nakubisila."

"Anakukalipira?"

"Iyayi. Kutacha, mailo yake kuseni, banang'amba mapepa yaja, banayatsila mbaula. Vitumbuwa venze kufunika kukazinga."

Anthu ankadutsa, wina akukankha wilibala ya makala akukuwa kuti timupatse njira. Ndinavula chipewa. Ndinati, "Idesi, mwana wanga, ndinakulakwira. Ndinalakwira amayi ako. Anandichenjeza kunyumba, sindinamve. Ndikhululukire."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu. Pomwepo mayi wina anaima patebulo nkuyamba kufinya tomato, ndipo Idesi anatembenuka. "Osafinya, amai, ni yamene iyo." Kenako kwa ine: "Ba Ticha, muzagulako tomato?"

Ndinati inde. Anasankha mulu wabwino, naika m'pulasitiki. Asanamange anatenga tomato wina awiri, akuluakulu, ofiira, nawonjezeramo. "Mbasela," anatero.

Mtima wanga unadumpha, ana inu. Ndinati ndi yankho limeneli, wanena ndi manja chimene pakamwa pakanika. Ndinathokoza kawiri, nkusuntha pang'ono kuti ndivale chipewa, misozi ili m'maso. Ndili chiimire pomwepo, mayi wofinya uja anagula mulu wake. Idesi anaika m'pulasitiki, natenga tomato awiri, akuluakulu, ofiira, nawonjezeramo. Anachitanso chimodzimodzi kwa bambo amene anabwera pambuyo pake. Ndinadikira kuti mwina ayang'ananso kumene ndinaima, koma anthu anali atachuluka patebulo, ndipo kondakitala anali kuitana a mu tauni. Ndinakwera.